Mutu ukamawawa poonera kanema wa 3D: komwe vuto limabisala ndi mmene mungalipezere

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza kuonetsa makanema Loweruka madzulo mu holo ina ku Matawale, ndipo kuchokera tsiku limene tinapeza pulojekita yogwirapo kale ntchito yotha kuonetsa zithunzi za 3D, pali madandaulo amene amabwerabwera ngati chimfine cha mwezi wa Juni. Wina amatuluka atagwira pamphumi n'kunena kuti mutu ukumuwawa kuseri kwa maso, wina amati munthu aliyense wa mu filimu akuoneka ngati akuyenda ndi mzukwa wake pambali, wina amati chithunzi chada ngati kunja kukufuna kugwa mvula, ndipo sipalephera kupezeka mmodzi wonena kuti sanaone chachilendo chilichonse, ndalama yake yangolowa m'madzi. Anzanga amene ali ndi TV za 3D m'nyumba zawo ku Chinamwali ndi ku Mulunguzi, komanso ophunzira a ku Chirunga amene amaonera pa laputopu atavala magalasi ofiira ndi obiriwira, amandiuza zomwezo.

Ambiri amathamangira kuweruza kuti 3D imaononga maso, kapena kuti maso awo ndi amene ali ndi vuto. Zimene ndaona ine ndi zakuti nthawi zambiri cholakwika chimakhala mu fayilo ya filimu, m'makina, m'chipinda kapena pa benchi imene munthu wakhalapo, ndipo maso a woonera ayenera kukayikiridwa pamapeto penipeni, zina zonsezi zitayesedwa.

Kuya kwa chithunzi kumachokera kuti

Mukadzakwera phiri la Zomba n'kukaima pa Emperor's View, mudzatambasule mkono, mudzaimike chala chachikulu, kenako mudzatsinzine diso limodzi ndi linzake mosinthanasinthana. Chalacho chidzaoneka ngati chikudumpha uku ndi uku, mtengo umene uli chapafupi udzasuntha pang'ono chabe, koma phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa sizidzagwedezeka n'komwe. Maso a munthu wamkulu amatalikirana pafupifupi masentimita 6.5, choncho diso lililonse limaona dziko lili pamalo akeake, ndipo ubongo umawerengera kusiyana kwa zithunzi ziwirizo kuti udziwe chimene chili pafupi ndi chimene chili patali. Charles Wheatstone wa ku England anasonyeza zimenezi m'chaka cha 1838 pogwiritsa ntchito zithunzi ziwiri zojambula pamanja ndi akalirole awiri, ndipo kanema aliyense wa 3D mpaka lero amaima pa mfundo yomweyo.

Filimu ya 3D ndi mafilimu awiri, ina ya diso lamanzere, ina ya diso lamanja. Kuti munthu aonere mwamtendere, chithunzi chilichonse chiyenera kufika ku diso lake lokha, pa nthawi yofanana ndi chinzake, pa mzere umodzi, chowala mofanana, ndiponso chotalikirana ndi chinzake pa mlingo umene maso angathe kupirira. Dandaulo lililonse limene ndatchula pamwambapa limabwera pamene chimodzi mwa zinthu zimenezi chasokonekera.

Yambani ndi maso osinthanitsidwa

Ndimayamba ndi ichi chifukwa ndi chimene chimapweteka mitu yambiri, chonsecho kuchikonza sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Chithunzi cha kumanzere chikapita ku diso lamanja ndipo cha kumanja n'kupita ku lamanzere, kuya konse kumatembenuka: khoma limene lili kumbuyo kwa munthu limafuna kubwera kutsogolo, ndipo nkhope imafuna kulowa mkati ngati chipande. Choipa chake n'chakuti oonera ambiri sazindikira kuti zatembenuka, popeza ubongo umaona kuti munthu uja waphimba mbali ina ya khoma, ndiye kuti ali kutsogolo, pamene kusiyana kwa zithunzi kukuuuza kuti ali kumbuyo. Umalimbana ndi umboni wotsutsanawo mwakachetechete, ndipo chimene munthu amamva ndi kulemera kwa mutu basi, limodzi ndi chithunzi chooneka ngati chikunyezimira modabwitsa m'mbali mwa zinthu.

Kayesedwe kake ndi aka: imitsani filimu pamalo pamene pali munthu ataima kutsogolo kwa chinthu chakutali, kenako valani magalasi mozondoka, kuti galasi lamanzere likhale ku diso lamanja, koma kumaso kwa magalasiwo kukhale kukuyang'anabe ku sikirini. Chithunzi chikakhazikika bwino mutawazondotsa, ndiye kuti maso anasinthanitsidwa. Pa pulojekita zambiri pali malo olembedwa 3D Sync Invert, pa TV pamalembedwa L/R kapena mawu ofanana nawo, ndipo magalasi ena ali ndi kabatani kawokawo kosinthira. Kwa amene amagwiritsa ntchito magalasi amitundu iwiri, mwambo wake ndi wakuti galasi lofiira limakhala ku diso lamanzere.

Musaganize kuti mukakonza kamodzi ndiye kuti mwathana nazo. Tsiku lina magetsi anathima filimu ili pakati, tinaliza jenereta, tinayatsanso zonse, ndipo theka lachiwiri lonse anthu anaonera maso atasinthanitsidwa popanda wina wodziwa, mpaka mayi wina wachikulire anandiitana n'kunena kuti, "Achimwene, mapiri ajawa akubwera kudzatigwera bwanji?" Kuchokera tsiku limenelo ndimayesa nthawi iliyonse imene makina azimitsidwa, chingwe cha HDMI chazulidwa, kapena fayilo yasinthidwa.

Pa fayilo yeniyeniyo sindichedwapo. Mafilimu ambiri amene amayenda m'mafulashi amakhala a side-by-side, pamene zithunzi ziwiri zili moyandikana, kapena a top-and-bottom, pamene china chili pamwamba pa chinzake, ndipo dzina la fayilo kawirikawiri limakhala ndi zilembo SBS, HSBS, TAB kapena OU. Mukaona anthu awiriawiri oonda ngati nsungwi, kapena afupiafupi osanjikizana, uzani pulojekita kapena TV mtundu woyenera. Chimene anthu amaiwala ndi chakuti filimuyo iyenera kudzaza sikirini yonse ya laputopu. Makina amadula chithunzi pakati penipeni osafunsa, motero pa fayilo ya top-and-bottom kamzere ka m'munsi mwa kompyuta kakatsala kakuonekabe, zithunzi ziwirizo sizidzalingana, china chidzakwera china n'kutsika. Maso amapirira kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja chifukwa ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, koma kusiyana kwa m'mwamba ndi pansi amakupirira pang'ono kwambiri, ndipo kumatopetsa msanga kuposa kwina kulikonse.

Magalasi si amodzi

Munthu wina anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi magalasi angapo amene anapatsidwa ku nyumba yoonetsera makanema, akukhulupirira kuti akawavala pa TV yake yawamba aziona zinthu zikutuluka. Sizingatheke, chifukwa magalasi sapanga kuya, ntchito yawo ndi kungogawira diso lililonse chithunzi chake, ndipo alipo amitundu itatu imene sigwirizana.

Amitundu iwiri aja, ofiira ndi a mtundu wa cyan umene uli pakati pa msipu ndi mtambo, amagwira pa sikirini iliyonse bola filimuyo ikhale yokonzedwera iwowo, ndipo pulogalamu yoonerera mavidiyo ya VLC imatha kusandutsa fayilo ya side-by-side kuti ionekere m'magalasi amenewa. Otuwa opepuka opanda batire amasefa kuwala malinga ndi mmene kukuyendera, ndipo amafuna TV yopangidwira zimenezo, monga zija ankapanga a LG, kapena nsalu yapadera yonyezimira ngati siliva. Khoma lopaka laimu kapena nsalu yoyera wamba zimabalalitsa kuwalako kotero kuti maso onse awiri amaona zithunzi zonse ziwiri. Achitatu ndi a batire, amene amatseka ndi kutsegula maso mosinthana mwaliwiro, ndipo pakati pa amenewa palinso magulu: a DLP-Link amamvera kuwala kochokera pa sikirini, ena amamvera kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ena Bluetooth. Kugula olakwika n'kosavuta masiku ano, popeza makampani amene anadzaza masitolo ndi TV za 3D filimu ya Avatar itatchuka mu 2009 anasiya kuzipanga, Samsung mu 2016, LG ndi Sony mu 2017, ndipo magalasi otsala amapezeka mwa apo ndi apo opanda makatoni awo. Musanapereke ndalama, werengani zimene zalembedwa pa mwendo wa magalasiwo n'kuyerekeza ndi buku la makina anu.

Mzukwa pambali pa chithunzi

Munthu akadandaula kuti akuona zinthu ziwiriziwiri, muuzeni atsinzine diso limodzi magalasi ali kumaso. Mzukwa uja ukakhalapobe, ndiye kuti chithunzi cha diso lina chikudonthera ku diso limene latsegulidwalo, ndipo mlandu ndi wa makina. Ukazimiririka, ndiye kuti makina akugawa bwino, koma maso akulephera kuphatikiza zithunzizo, nkhani imene ndifikeko posachedwa. Kayesedwe kakang'ono kameneka kandipulumutsa ku ntchito yambiri yomasula zingwe zosalakwa.

Kudontha kwa chithunzi kumaoneka kwambiri pamene chinthu choyera chili pa malo akuda, monga nyali usiku. Pa magalasi a batire, choyamba kuganizira ndi batire lofooka. TV za LCD zogwira ndi magalasi amenewa zimachita mzukwa wochuluka zikakhala zozizira, chifukwa timadontho ta sikirini timachedwa kusintha, choncho m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo yotsika m'phiri imalowa mpaka m'mafupa, ndi bwino kuyatsa TV kwa mphindi zingapo filimu isanayambe. TV za magalasi opepuka zili ndi khalidwe lina: zimagawa zithunzi mzere ndi mzere, ndipo zimafuna kuti maso akhale pa msinkhu wa pakati pa sikirini. Ife timakonda kupachika TV pamwamba pafupi ndi denga monga zimakhalira m'malo oonetsera mpira, ndipo TV yotere ikapachikidwa choncho imadontha kwambiri. Itsitseni, kapena iweramitseni kuti iyang'ane nkhope za oonera.

Pa magalasi ofiira ndi obiriwira mzukwa sutha wonse, koma umakula fayilo ikakhala kuti yadutsa pa WhatsApp kapena yachepetsedwa kangapo kuti isadye bandulo, pakuti pochepetsa vidiyo mitundu ndi imene imayamba kuphwanyidwa, pamene magalasi amenewa amadalira mitundu yomweyo. Ndi bwino kusunga fayilo ya side-by-side n'kulola kompyuta kuti ipange yokha mitunduyo pa nthawi yoonera.

Kuphethira ndi mdima

Magetsi athu m'Malawi amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, zimene zimachititsa kuti machubu akale ataliatali aja, ngakhalenso mababu ena otchipa a LED, aziphethira maulendo 100 pa sekondi. Ndi maso okha sitiona zimenezi. Koma pulojekita ya 3D kawirikawiri imaonetsa zithunzi 120 pa sekondi, 60 ku diso lililonse, ndipo magalasi akamatseka pa liwiro lawo pamene chubu chikuphethira pa liwiro lina, chipinda chonse chimaoneka ngati chikunjenjemera. Pa jenereta zimanyanya chifukwa liwiro lake silikhazikika. Mankhwala ake ndi kuzimitsa nyali zonse za m'chipindamo ndi za pakhonde zomwe. Kuwala kwa dzuwa kolowera m'mawindo kapena m'mabowo a malata kumasokonezanso kadiso kakang'ono ka kutsogolo kwa magalasi a DLP-Link, ndipo mudzaona magalasi akuleka kugwira ntchito kwa kanthawi n'kuyambanso. Chimodzimodzi munthu wamtali akakhala patsogolo n'kutchinga sikirini, kapena duku likaphimba kadisoko.

Za mdima, palibe chimene chawonongeka, ndi mmene 3D ilili. Pa magalasi a batire diso lililonse limakhala lotsekedwa kwa nthawi yoposa theka, ndipo galasi lenilenilo limamezanso kuwala kwina, kotero kuti kofika m'diso kawirikawiri sikukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala kwa filimu wamba. Ngakhale nyumba zikuluzikulu zoonetsera makanema kunja zimadandaulidwa pa nkhani yomweyi. Chotsani pulojekita pa Eco, njira yosungira magetsi imene imachepetsa kuwala, pukutani fumbi pa galasi lake ndi polowera mpweya, makamaka m'nyengo ya Okutobala, ndipo kumbukirani kuti babu lake limazilala likamakalamba. Pukutaninso magalasi a oonera ndi kansalu kofewa, osati ndi malaya kapena sipiriti. Galasi limodzi likada kuposa linzake, diso la mbali imeneyo limachedwa pang'ono kutumiza uthenga ku ubongo, ndipo chinthu choyenda chopingasa chimaoneka ngati chili pa mtunda wolakwika. Zimenezi zimatchedwa ndi dzina la Carl Pulfrich wa ku Germany amene anazifotokoza mu 1922.

Koma njira yamphamvu kuposa zonsezi yochotsera mdima ndi imene eni holo safuna kuimva: kuchepetsa chithunzi. Mukasendeza pulojekita pafupi mpaka m'lifupi mwa chithunzi mutachepa ndi theka, kuwala kumachuluka kanayi.

Tengani rula mupite pa khoma

Tonse timafuna chithunzi chodzaza khoma kuti anthu akamalowa azidabwa, koma pa 3D chimenechi ndi chikomekome cha mkuyu. Vulani magalasi, imitsani filimu pamene pakuoneka chinthu chakutali kwambiri monga phiri kapena mtambo, ndipo mudzaona kuti chalembedwa kawiri pa khomapo. Yezani mpata wa pakati pa zithunzi ziwirizo ndi rula ya mwana wa sukulu. Poyang'ana chinthu chakutali kwambiri, monga Mulanje uja, maso amangoyang'ana kutsogolo mofanana, ndipo pamenepo ndi pamene mphamvu yawo yotsegukira imathera. Mpata wa pa khoma ukafika masentimita 6.5, chinthucho chimaoneka chili kutali kopanda malire. Ukapitirira pamenepo, maso amakakamizidwa kuti lina lipite kumanzere lina kumanja, zimene sachita m'moyo weniweni, ndipo zotsatira zake ndi kuwawa, misozi, kapena kuona ziwiriziwiri kuja kumene kumatha munthu akatsinzina diso limodzi.

Mpata umenewu umakula limodzi ndi chithunzi. Tiyerekeze kuti vidiyo inakonzedwera TV ya mita imodzi m'lifupi, ndipo zinthu zakutali zinapatsidwa mpata wa masentimita 3. Pa TV imeneyo zonse zili bwino. Mukaiponya pa khoma n'kukhala mamita 3, mpata uja umasanduka masentimita 9, ndipo holo yonse idzatuluka ikutikita maso. Zikatembenuka sizipweteka: filimu yokonzedwera sikirini ya mamita 10 yokhala ndi mpata wa masentimita 6.5, ikaonetsedwa pa khoma la mamita 2 mpatawo umangokhala masentimita 1.3, ndipo chimene mumataya ndi kuya pang'ono chabe. N'chifukwa chake mafilimu akuluakulu savuta kwenikweni m'maholo athu, pamene timavidiyo tochokera pa intaneti, tija topangidwira foni ndi kompyuta, ndi timene timavulaza anthu tikakulitsidwa.

Ana maso awo ndi oyandikana kwambiri, mwina masentimita 5 kapena kupitirira pang'ono malinga ndi msinkhu, choncho amafika pa malirewo msanga ndiponso amaona kuya kokokomezeka kuposa akuluakulu. Ine ndimasunga mpata wa pa khoma pansi pa masentimita 5 nthawi zonse pakakhala ana. Pa makina amene ali ndi posinthira kuya, kumbukirani kuti kawirikawiri batani limenelo limangokankhira chithunzi chonse mkati kapena kunja, silionjezera chilichonse chimene kamera sinajambule, ndipo kulikweza mpaka kumapeto ndi njira yachidule yoitanira litsipa.

Benchi imene mwakhalapo

Pali vuto lina limene silingachotsedwe ndi makina abwino chotani. Tikamayang'ana chinthu chapafupi, maso amachita ntchito ziwiri pamodzi: amatembenukira mkati kuti onse alunjike pa chinthucho, ndiponso kagalasi ka mkati mwa diso lililonse kamasintha kuti chinthucho chioneke bwino. Ntchito ziwirizi zinazolowerana kuyambira tili makanda. Mu kanema wa 3D zimalekanitsidwa, chifukwa mkondo ukamaoneka ngati wafika pamphuno, maso amatembenukira pamphunopo, koma kagalasi kaja kayenera kukhalabe kolunjika pa khoma pamene pali chithunzi chenicheni. Gulu la akatswiri a maso lotsogozedwa ndi Martin Banks pa yunivesite ya California ku Berkeley linasonyeza mu 2008 kuti kusagwirizana kumeneku kumatopetsa maso ndithu.

Mtunda ndiwo umachepetsa mkanganowu. Kagalasi ka m'diso kamagwira ntchito yaikulu pa zinthu zapafupi, koma kupitirira mamita angapo kamasintha pang'ono kwambiri, motero munthu amene ali mamita 6 kuchokera pa khoma amavutika pang'ono poyerekeza ndi amene wakumbatira laputopu pa bedi m'chipinda chake ku Chikanda. Apa ndi pamene chizolowezi chathu chimatilakwitsa. Pa msonkhano uliwonse ana timawakhazika pansi kutsogolo, akuluakulu pa mabenchi kumbuyo, ndipo pa filimu wamba palibe cholakwika. Pa 3D ndiye kuti amene maso awo ndi osakhwima tawaika pamalo oipitsitsa, pafupi kwambiri, khosi litapenyetsedwa m'mwamba. Ku holo kwathu tinasintha: benchi yoyamba imakhala pa mtunda wowirikiza kawiri m'lifupi mwa chithunzi, ndipo ana amakhala pakati pa holo pa mabenchi okwezedwa. Panali kung'ung'udza milungu iwiri yoyamba, kenako kunatha.

Okhala m'mbali kwambiri amaona zinthu zitapendekeka ngati nyumba yofuna kugwa, choncho ndi bwino kuonjezera mizere kumbuyo kusiyana ndi kuitalikitsa m'mbali. Mutu ukhalenso wowongoka. Wogona chammbali pa mpando kapena wotsamira pa phewa la mnzake amachititsa kuti diso lina likhale pamwamba pa linzake pamene zithunzi zili pa mzere umodzi, ndipo amadzipangira yekha kusiyana kwa m'mwamba ndi pansi kuja.

Pamene filimu ndiyo yalakwa

Nthawi zina mwakonza zonse koma malo ena mu filimu akupwetekabe. Chinthu chimene chikuoneka kuti chatuluka kunja kwa sikirini chikadulidwa ndi m'mphepete mwa sikirini yomweyo, ubongo umasokonezeka, popeza chimene chili kutsogolo sichingaphimbidwe ndi chimene chili kumbuyo kwake. Zithunzi zikamasinthana mwachangu, china chakutali china chapafupi, maso sapeza mpata wokhazikika. Mawu olembedwa m'munsi amavutitsa chimodzimodzi akakhala pa msinkhu wa khoma koma n'kuphimba munthu amene akuoneka kuti ali kutsogolo kwa khomalo, ndipo pa fayilo ya side-by-side mawu amene pulogalamu yaika kamodzi kokha amang'ambika pakati, theka ku diso ili, theka ku linalo. Apa mafilimu omasuliridwa pakamwa m'Chichewa aja amapambana, chifukwa palibe chowerenga. Batani losandutsa filimu wamba kukhala ya 3D limene lili pa TV zina ndimalangiza kulisiya, pakuti makina amangolota za kuya ndipo anthu amaoneka ngati zidole zodula pa katoni zoimikidwa m'mizere.

Amene akuganiza zophatikiza mapulojekita awiri adziwe kuti njira imeneyo inagwetsapo kale anthu odziwa ntchito. Mu 1953, pamene 3D inali pakamwa pa aliyense ku America, mafilimu ankaonetsedwa ndi makina awiri oyenda limodzi, ndipo amodzi akatsalira m'mbuyo ngakhale pang'ono, oonera ankatuluka mitu ikuwawa, chimene chinathandiza kuti chidwi cha anthu chizilale msanga.

Tsopano tifike pa maso

Anthu onse akamasangalala koma mmodzi yekha n'kumavutika, musinthanitseni kaye magalasi ndi malo ndi munthu amene akuona bwino. Vuto likamutsatira, ndiye kuti ndi nthawi yoganizira maso ake. Amene amavala magalasi a kuchipatala asawavule, a 3D avale pamwamba pake, chifukwa diso limodzi likamaona mwachizimezime ubongo sungaphatikize bwino zithunzi.

Alipo ndithu anthu amene saona kuya kotereku. Ena diso limodzi linakula lili lofooka kuyambira ubwana, ena limayang'ana kumbali, ena lina linachita ng'ala, ndipo ambiri mwa iwo amakhala moyo wawo wonse osadziwa, chifukwa ubongo uli ndi njira zina zoyezera mtunda monga kukula kwa zinthu, mithunzi ndi kuphimbana. André de Toth, amene anatsogolera kujambula filimu ya 3D yotchuka ya House of Wax mu 1953, anali ndi diso limodzi lokha ndipo sakanatha kuona kuya kwa ntchito yake yomwe. Kuti muyese kunyumba, munthuyo agwire mapensulo awiri, m'dzanja lililonse imodzi, manja atatambasulidwa pang'ono, n'kuyesa kukumanitsa nsonga zake, poyamba maso onse ali otsegula, kenako limodzi litatsinzina. Kwa woona ndi maso awiri mogwirizana, kutsinzina kumaonjezera kuphonya moonekeratu. Pakapanda kusiyana kulikonse, ndi chifukwa chokwanira chokapimitsira maso kuchipatala, makamaka akakhala mwana, popeza diso lofooka limathandizika bwino likapezeka mwana akadali wamng'ono.

Ana aang'ono kwambiri sindiwalola kuvala magalasi. A Nintendo, potulutsa kachipangizo kawo kam'manja kosewerera magemu ka 3DS mu 2011, anachenjeza kuti ana a zaka 6 kutsika m'munsi asagwiritse ntchito 3D, ndipo ine ndimatsatira malire omwewo. Amene ali ndi khunyu kapena mutu waching'alang'ala afunse kaye kuchipatala asanavale magalasi ophethira aja. Wina aliyense akayamba kumva chizungulire kapena mseru, avule magalasi, atuluke panja, ayang'ane kuphiri kwa kanthawi, ndipo asakwere njinga kapena kuyendetsa galimoto mpaka atamva kuti maso abwerera mwakale. Filimu ikakhala yaitali timaimitsa pakati kwa mphindi khumi.

Munthu wosaona kuya, kapena amene kumamupweteka, sayenera kutsala yekha kunyumba. Ena mwa magalasi a batire ali ndi njira yotsegulira maso onse awiri pa chithunzi chimodzi, ndipo buku lake limanena ngati ilipo. Pa magalasi opepuka opanda batire mungathe kudzipangira nokha: tengani awiri, chotsani galasi lamanja pa oyamba, ndipo m'malo mwake muikemo galasi lamanzere lochokera pa achiwiri, mukuonetsetsa kuti mbali imene inkayang'ana ku sikirini ikuyang'anabe komweko. Maso onse awiri aziona chithunzi chimodzi, chopanda kuya komanso chopanda mzukwa. Mnzanga wa ku Chinamwali anawapangira agogo ake otero, ndipo anamangirira kaulusi kofiira pa mwendo wake kuti asasokonekere ndi enawo m'kabati.